Dzanja la pa Chithunzi

Chithunzicho chinali pa tebulo la Mayi Louisa, ndipo Towera anachizindikira asanakhale n'komwe pansi. Pankaoneka pakamwa pa Mayi Keane, nkhalamba ya m'chipinda chakumapeto, poyasama ngati pa kamwana ka mbalame. Pankaonekanso dzanja, zala zitatu zitapana kanthongo ka mbatatesi. Nkhope ya mwini dzanjalo panalibe. Wojambulayo anachita moba ndi foni ataima pakhomo, makatani ali otseka.

"Wajambula ndi Gerard, mwana wa Mayi Keane," anatero Mayi Louisa, manijala wa nyumba yosamalira okalambayo ku Drumcondra, kudziko la azungu kumene Towera ankagwira ntchito. "Akuti Lachisanu likafika munthu asanachotsedwe ntchito, akatisumira ku boma. Ndi Jincy uyu, si choncho?"

Towera anayang'ananso chithunzicho. Dzanjalo linali lake.

Mayi Keane anasiya kudya mu Seputembala. Supuni ikayandikira ankaluma mano n'kutembenukira kukhoma, mpaka diresi linayamba kuwalendewera. Tsiku lina zitamukwana, Towera anasamba m'manja, n'kuumba kanthongo monga ankachitira ndi mayi ake ali gone m'chipatala ku Blantyre. Nkhalambayo inayasama. Kuyambira pamenepo inkadya tsiku lililonse, ndipo Jincy, mnzake wa pa shifiti wochokera ku Kerala m'dziko la India, ankangomuyang'anira anthu m'kolido.

"Sikuti ndikudana naye," anapitiriza Mayi Louisa, mawu ali ofewa ngati akupepesa maliro. "Koma anthu a kum'mawa aja ali ndi zawozawo. Amadya ndi manja. Ukawafunsa kanthu amangogwedeza mutu, sudziwa ngati ndi inde kapena ayi. Kumwetulira ndiye kosatha, koma mumtima mwawo sungalowemo. Gerard anakhalako milungu iwiri ku India, akuti anaona zinthu. Inu a kwanu ndinu ena. Azakhali anga anali asisitere kumeneko zaka zambiri, anakuphunzitsani bwino."

Anamukankhira pepala lotayipa kale. Linkati iye Towera anamuonapo Jincy akudyetsa okalamba ndi manja. Pansi panali mzere wosayinapo.

"Kaganize. Mawa m'mawa ndilipeze pano."

Chinali chaka cha 2010, Novembala, kuzizira koluma m'mafupa. Chuma cha dzikolo chinali chitagwa, mumzinda monse nyumba zinangoima zosamaliza, ndipo sabata iliyonse pakhomo pankafika atsikana achizungu, ena a madigiri, kudzapempha ntchito yosintha okalamba matewera imene kale ankainyansidwa. Asanapeze ntchitoyi, Towera anakhala zaka zisanu mu hositelo ya othawa kwawo opempha malo m'dzikomo, osaloledwa kugwira ntchito, kudya zimene wina wakusankhira. Kumeneko sankafuna ngakhale kukulota.

Kochapira zovala anapeza Kasapo, mayi wa ku Zambia, akupinda mashiti a pabedi. Anamuuza zonse monong'ona.

"Iwe, saina chabe," anatero Kasapo osasiya kupinda. "Ni m'bale wako? Recession iyi, mwana, job siipezeka manje. Amwenye amasungana okhaokha, azamupezera kwina."

"Pemiti yake yogwirira ntchito ndi ya nyumba inoyi. Akamuchotsa, abwerera kwawo ndi ana omwe."

"Nanga iwe uzayenda kuti? Ku Limbe?"

Limbe. M'maganizo Towera anaona bambo ake, telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye, akupalasa makina zaka makumi awiri osalowapo m'nyumba ya bwanayo, kumwera madzi m'kachitini kawo kokha. Atsamunda ndiwo anayala tawuniyo motero: mzungu kumtunda, mmwenye m'sitolo, munthu wakuda pakhonde. Iwo anapita, koma masanjidwewo anatsala, ndipo Towera anakula nawo m'mimba ngati njoka. Tsopano njokayo inatukula mutu. Musiye mmwenye alaweko, inatero. Kamodzi kokha, naye akhale pakhonde.

Chomwe chinkamuwawa n'choti Jincy analibe sitolo. Bambo ake ankakwera mitengo ya kokonati ya eni ake. Khungu lake linali lakuda kuposa la Towera, moti aliyense woyang'anitsitsa chithunzi chija akanaona kuti dzanjalo n'loyererako. Koma panalibe amene anayang'anitsitsa. Anali atadziwa kale.

Anakumana naye m'kolido akukankha ngolo ya mankhwala.

"Chechi," anatero Jincy. Ndi mmene ankamuitanira, akuti kwawo ndiye kuti achemwali. "Andiitana mawa four o'clock. Akuti ndibwere ndi makiyi a loka."

Towera anadikira kuti anene zinazo, kuti amuloze chala, amutukwane, mwina zikanapepukako. Jincy anangokonza timabotolo pa ngoloyo.

"Mayi Keane adya lero?"

"Ayi."

"Dzulonso ayi," anatero Jincy, n'kupitirira. Chidandaulire Gerard dzana lake, supuni inali itabwerera m'chipinda chija. Mawilo a ngolo ankalira mpaka kumapeto kwa kolido.

M'mawa mwake Towera analowa mu ofesi osagogoda. Anaika pepala lija pa tebulo losasayina, pambali pake n'kuyalapo dzanja lake lamanja, chikhatho kumwamba.

"Ndi ili. Ndine ndimawadyetsa. Jincy sanagwirepo chakudya chawo ndi kamodzi komwe. Kwathunso timadya ndi manja, azakhali anu sanakuuzeni?"

Mayi Louisa sanayang'ane dzanjalo. Anayang'ana nkhope ya Towera mwachifundo.

"Wakutuma, eti? Ndinadziwa. Ndi ochenjera anthu amenewa, amadziwa pokanikiza. Ndipo inu muli ndi mitima yabwino kwambiri, mumasenza za eni. Usalole kuti akugwiritse ntchito, mwana wanga."

"Sanandituma munthu! Yang'anani chithunzicho!"

"Tsitsa mawu." Chifundo chija chinazima ngati wathimitsa getsi. "Gerard ndalankhula naye kale, ndamuuza dzina. Sindibwereranso kwa iye ndi nkhani ina chifukwa choti iwe wamva chisoni. Kusayina kwako kapena kusasayina, four o'clock ikwana basi. Ndipo ukapitiriza kundikalipira, makalata a ofuna ntchito ndi awa." Anagogoda kabati ndi chala. "Gerard abwera nthawi ya lanchi kudzaona mmene mayi ake akudyetsedwera. Ndibwera naye. Supuni, magolovesi, epuloni. Wamva?"

Towera anatuluka. Ananena zoona, ndipo zoonazo zinangogwera pansi ngati malovu. Pakamwa pake panalibe ntchito m'nyumba imeneyi. Anthuwa akanakhulupirira maso awo okha, mwinanso ayi.

Half twelve itakwana anatenga thireyi kukhitchini. Kasapo anamuona nkhope n'kumugwira mkono.

"Iwe Towera. Osachita zamisala."

Towera anamuchotsa dzanjalo pang'onopang'ono.

M'chipinda chakumapeto Mayi Keane anali pa mpando pafupi ndi windo, milomo itauma, maso ali pa khomo. Towera anatsegula makatani onse mpaka kuwala kotuwa kwa kunja kunadzaza chipindacho. Chitseko anachisiya chotsegula, n'kuchitchinga ndi mpando kuti chisabwerere. Anapinda manja a yunifolomu mpaka m'zigongono, anasamba ndi sopo kawiri, chala chimodzichimodzi. Magolovesi anawasiya m'bokosi mwake.

Kutali m'kolido kunamveka mawu a mwamuna, ndi kuseka kwaulemu kwa Mayi Louisa, ndi nsapato ziwiriziwiri zikubwera mosafulumira.

Towera anakokera mpando wake pamalo poti wolowa aone nkhope ndi dzanja nthawi imodzi. Mbatatesi inali idakali yotentha, inamuwotcha nsonga za zala. Anaumba kanthongo kakang'ono.

"Tiyeni, amayi," anatero m'Chichewa.

Nkhalambayo inayasama. Nsapato zija zinaima pakhomo.