Galimoto ya Shamsa

Shamsa atapatsidwa ntchito yoyendera amayi oyembekezera m'misasa ya oweta ngamila, anadziwiratu kuti kagalimoto kake ka m'tauni sikathandizanso. Kwawo ku Bidiya tala amathera kuseri kwa msika, kutsogoloko ndi mchenga wokhawokha, zitunda zofiira zotsatizana mpaka kunyanja. Nkhani yogula galimoto ina anangoitchula kamodzi pa chakudya chamasana, mpunga usanazizire n'komwe nyumba inali itagawanika kale.

Bambo ake, a Khalfan, anali munthu wokonda galimoto za Land Cruiser kuyambira ali mnyamata. Mwamuna wake, Azzan, anabadwira m'banja lokonda galimoto za Patrol, ndipo kwawoko ngakhale ana oyamwa ankadziwa mbali yawo.

"Mwanangu, usamvere za mwamuna wakoyu," anatero a Khalfan akulandira kapu ya khofi. "Ndinakupereka ndisanaone chimene amayendera. Ndikanaona, bwenzi ukadali pakhomo panga."

"Apongozi, mwaiwala kodi?" Azzan anayankha akuseka. "Tsiku la ukwati munakwera Patrol ya amalume anga, ndipo munagona tulo njira yonse."

"Tulo tanji? Ndinatsinzina chifukwa cha manyazi."

Shamsa anapita yekha ku tauni ya Ibra kwa ogulitsa magalimoto. Anakhalamo m'onse awiri, Land Cruiser ndi Patrol, anapinda mipando yakumbuyo kuti aone ngati mayi wodwala angagone bwino, anayeza malo oika bokosi la katemera. Onse anali abwino, ndipo vuto linali lomwelo. Kunyumba Azzan ankamutumizira pafoni timavidiyo ta anyamata akukwera zitunda. Bambo ake ankabwera m'mawa uliwonse ndi zipatso za kanjedza komanso chifukwa chatsopano.

Atatopa nazo, iye anagamula kuti Lachisanu, amuna akabwerako ku mzikiti ndipo dzuwa likapendeka, onse apite kumsasa wa ngamila za a Khalfan. Popita ayendetsa ya mwamuna wake, pobwera ya bambo ake.

Pamene tala anathera anaima n'kuphwetsa matayala pang'ono kuti asatitimire mumchenga. Patrol inakwera chitunda choyamba ngati ikuseweretsa, ndipo Shamsa anaikonda, ngakhale sananene. Azzan ankangomuyang'anira m'mbali, mano onse ali pamtunda. Koma Shamsa ankayang'ana pagalasi. Bambo ake, amene moyo wawo wonse sankalola munthu kuwatsogolera mumchenga, tsiku limeneli ankabwera pambuyo, pafupi kwambiri, matayala awo akuponda ndendende m'mizere ya matayala ake.

Kumsasa anamwa mkaka wa ngamila ukadali wofunda. A Khalfan anasisita khosi la ngamila yawo yokalamba n'kumailankhula motsitsa mawu, kenako anamupatsa Shamsa makiyi.

Galimoto ya bambo ake inali yakale, chiwongolero chosalala chifukwa cha manja, mkati mukununkhira lubani ndi nyemba zouma zodyetsa ngamila. Azzan anatsogola n'kuzimiririka kuseri kwa chitunda. Awiriwo anayenda pang'onopang'ono, injini ikulira mofatsa.

"Wamva mmene ikukokera?" anatero bambowo. "Tsopano ukafika pamtengo uwo, ukhotere kumanzere."

Shamsa anayang'ana kutsogolo. Kunalibe mtengo. Panali ngamila yakuda itangoima, ikubzikula.

Anatsitsa liwiro n'kuima pamalo olimba. Anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa bambo ake m'maso, zimene mwana wamkazi sachita kawirikawiri. Pakati pa diso lililonse panali kamtambo koyera.

"Bambo, maso anuwa ayamba liti?"

"Iwe ndiwe mzamba. Ntchito yako ndi ya azimayi."

"Ayamba liti, bambo?"

A Khalfan anapotokola mpango wawo wakumutu. Kenako ananena kuti zinayamba m'nyengo yotentha yapitayo. Njira ya kumsasa ankaiyenda ndi mutu, osati ndi maso. Sanauze munthu chifukwa ankadziwa kuti alongo ake a Shamsa akangomva awalanda makiyi, galimoto n'kuigulitsa kwa munthu wosadziwika, iwo n'kutsala akuwerama pakhonde.

"Ndimati ukagula yonga yangayi, ukamapita kwa azimayi akowo uzinditenga," anatero. "Ndizikhala pampando uno n'kumamva ngati ndili mu yanga."

Shamsa anadziwa kuti akalira bambo ake sadzanenanso kanthu. Anangolizanso injini.

"Imeneyi ndi ng'ala, bambo. Amachotsa. Ku Ibra amachotsa anthu okalamba kuposa inu, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo."

"Ndi mpeni?"

"Simumva n'komwe. Koma kuyambira lero makiyiwa ali ndi ine."

Anamupeza Azzan pa tala akupopa matayala. Azzan anathamangira pawindo akupukuta manja.

"Ndiye bwanji, madamu? Tinene kuti nkhani yatha?"

"Sindigula kaye," anatero Shamsa. "Ndiyamba ndabwereka ya bambo."

Azzan anatsegula pakamwa kuti aponye chipongwe chake, koma ataona nkhope ya mkazi wake anangotseka. Shamsa anamufotokozera zonse atafika kunyumba. M'mawa mwake Azzan anapita kwa apongozi ake, anasintha oyilo wa mu Land Cruiser ija ndi manja ake, uku akudandaula mokweza kuti anzake asamuone.

Nyengo yozizira yonse Shamsa ankayenda m'misasa ndi bambo ake pambali. Iye akamayeza amayi m'mahema, iwo ankakhala panja ndi amuna, akumwa khofi ndi kukangana za mitengo ya ngamila. Anaphunzira kwa iwo kumva mchenga wofewa galimoto isanatitimire, ndi kusachita mantha potsetsereka. Diso loyamba analichita opaleshoni, linalo pambuyo pake. Tsiku limene dokotala anawalola kuyendetsanso, a Khalfan anatambasula dzanja ali pakhomo penipeni pa chipatala.

"Bweretsa makiyi anga. Kagule yako."

Shamsa anagula Land Cruiser, poti manja ake anali atazolowera kale. A Khalfan anauza msika wonse. Azzan anapirira chipongwe cha abale ake, amene ankati wagonja m'nyumba mwake momwe, ndipo kwa masabata angapo ankaimika Patrol yake pamthunzi wokhawo wa pabwalo, ya mkazi wake n'kumapsa padzuwa. Kutentha kutayambiranso anaitanitsa mitengo ndi makhwatha a kanjedza, n'kumanga mthunzi wachiwiri.