Masekondi 30 ndi Lamulo la Amalume

Guys, ndikulemba izi mothamanga ndi chisangalalo, ndiye mukaona typo mungondikhululukira. Dikirani ndiyambire poyambira.

Kusukulu kwathu kuli kalabu ya mapazo (ma puzzle, tizidole tozunguza mutu), woiyendetsa ndi Madamu a masamu. Aliyense amathamangira timabokosi tija topotokola kuti mitundu ifanane mbali iliyonse, koma m'kabati mwa Madamu munali kanthu kena kamene anthu ankangokadutsa. Ndi kozungulira ngati sosala, kali ndi timawotchi naini kumaso, naini kumbuyo. Pakati pali mapini anayi okankha, m'mbali timawilo tinayi. Ukapotokola wilo, mivi ya timawotchi tina imayenda, kutengera mapini omwe wawatulutsa. Ntchito ndi imodzi basi: mivi yonse 18 iloze pa 12, mwachangu. Umodzi ukatsalira pa 11, zako zada, sawerengera.

Nditangokaona ndinati aka ndi kanga. Ine ndinakulira m'shopu ya amalume, okonza mawotchi. Nthawi ndinaidziwa ndisanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Ndiye pazo ya mawotchi ingandikanike ine? Madamu anandibwereka, ndinapita nako kunyumba ndikuvina.

Patangotha masabata awiri, Magalasi naye wakafuna. Magalasi ndi mnyamata wa m'kalasi mwathu, uja amamaliza mayeso ena tisanalembe dzina. Anali ataphunzira kale pa app ya pafoni, koma ankafuna chogwira m'manja. Kapazo nkamodzi. Madamu anangondiuza kuti, "Loweruka kuli mpikisano wa kalabu. Ndikupatsa mwayi kawiri. Ukatsika pansi pa masekondi 30, ukhala nako teremu yonse. Ukalephera, kapita kwa mnzakoyu."

Ine nthawi imeneyo ndinali pa 41. Forty-one, guys! Ndiyese bwanji, 41, 43, 40, kenako 41 yomweyo ngati inandikwatira.

Tsono njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yotembenuza, ya ife ongoyamba. Umakonza timawotchi tapakati tija topanga mtanda kumaso, nkutembenuza, nkukonza mtanda wakumbuyo, kenako umamalizira m'makona. Chilichonse umachiona ndi maso. Yachiwiri ndi ya akatswiri, yosatembenuza. Pamasekondi 15 omwe amakupatsa kuti uyang'ane usanayambe, umaloweza manambala akumbuyo, nkumawachotsera m'mutu, kenako umakonza mbali zonse ziwiri osasuzumirako.

Lachitatu Magalasi analemba pagulu la kalabu: "Aise, njira yotembenuzayo ndi ya agogo. Nthawi yako yonse ikuthera potembenuza. Sintha."

Ndinamuyankha ka emoji koseka, koma mumtima munalowa. Mwina akunena zoona? Ndinaonera mavidiyo mpaka bando kutha. Anthu ake manja ngati fani, masekondi sikisi atha kale. Ndinati basi, nanenso ndine katswiri kuyambira lero.

Eish. Kumbuyo muvi umayenda mosemphana ndi kumaso, ndiye pamene ukuganiza kuti ukuphatikiza uyenera kuchotsera. Ndinkaloweza 3, 8, 5, 2, mchemwali wanga akangofunsa kuti chaja chake chili kuti, manambala onse phaa! Ndinayesa ka 20 masiku awiri. Kumaso bwinobwino, ndikatembenuza kuti ndione, mivi ili mbwee, wina kuloza kudenga wina kuloza kuphazi kwanga. Ndinakhoza kamodzi kokha, ndipo inali miniti ndi theka.

Lachisanu masana ndinakakhala m'shopu ya amalume mutu uli wee. Kashopu kake nkakang'ono, ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Mawotchi akhoma ali ndandanda, aliyense akunena nthawi yakeyake. Amalume anali atawerama pathebulo, kagalasi kawo kali padiso, akutola kasikuluwu ndi kopanira.

"Iwe Phuma," amanditchula choncho kuyambira kale, "ukupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Chavuta nchiyani?"

"Amalume, mawa ndi mawa ndipo sindinasankhe njira. Yakale ndi yochedwa, yatsopano ikundizunguza mutu."

"Yomwe umaidziwa ndi iti?"

"Yochedwayo."

"Tachita ndione. Ndakhala ndikungomva kuti tekete tekete kuseri kwangaku."

Ndinasokoneza kapazo, nkuyatsa timer pafoni, nkuyamba. Amalume anakweza kagalasi pamphumi. Ndisanamalize nkomwe mtanda woyamba anandigwira mkono.

"Ima kaye. Muvi uwu unali pati?"

"Pa 1."

"Ukufuna upite pati?"

"Pa 12."

"Nanga bwanji wadutsa pa 2, pa 3, pa 4, mpaka kuzungulira tauni yonse, pamene pakhomo ndi apa pomwepa?"

Ndinawayang'ana ngati andifunsa chifukwa chomwe madzi amanyowetsera. "Amalume, serious? Muvi subwerera m'mbuyo. Munandiphunzitsa ndinu!"

Ndipo nzoona. Ndili ndi zaka seveni ndinabweza m'mbuyo muvi wa wotchi yakhoma ya kasitomala, ija imalira belu pa ola lililonse. Inayamba kulira ka 9 nthawi ili 4 koloko. Amalume anandithibula kadzanja, nkukhala tsiku lonse akuikonza. Kuyambira tsikulo m'shopu muja lamulo ndi limodzi, muvi umapita kutsogolo kokha. Ngakhale wotchi itathamanga ndi mphindi imodzi, uzungulira maola onse mpaka ufike. Chala changa chinakula nalo lamulolo. Masabata onsewa ndinkapotokola mbali imodzi yokha, ndipo sindinaganizepo nkamodzi komwe kuti pali china choti nkuganizira. M'mavidiyo manja amathamanga kwambiri, sungaone kuti akubweza.

Amalume anatenga kapazo kaja, nkukaika pakhutu, nkukagwedeza pang'ono. Anapotokola wilo pang'onopang'ono akumvetsera ngati dokotala.

"Mulibe belu umu. Mulibe sipuling'i. Magiya okhaokha apulasitiki. Mwana iwe, lamulo lija ndi la mawotchi enieni. Aka kabweze mmene ungafunire, sikalira."

"Ndiye tabwezani inuyo."

Guys, kkkk. Chala chawo chinafika pawilo nkuima. Anayesanso, chinangopita kutsogolo chokha. Anaseka mpaka kagalasi kugwera pamiyendo.

"Changachi chakalamba, zaka 30 sizisewera. Chakocho chikadali chanthete, chingamve."

Pompo ndinasankha. Ndibwerera ku njira yotembenuza, ya agogoyo, koma ndi lamulo latsopano: muvi ukakhala pakati pa 1 ndi 5, bweza m'mbuyo. Ukakhala pa 7 kupita mtsogolo, pitiriza. Pa 6 zili ndi iwe. Ndinayesa koyamba, 36. Ndinakuwa mpaka mayi wina wobweretsa wotchi yapamkono anabwerera pakhomo. Kachisanu 31. Pamene amalume ankatseka shopu ndinali nditagunda 29 kawiri, koma chala chinkaiwalabe nthawi zina, makamaka ndikapupuluma. Ndipo ine kupupuluma ndi dzina langa.

Lero m'mawa ndiye tsikulo. M'kalasi madesiki atakankhidwira kukhoma, thebulo limodzi pakati, Madamu ali ndi timer ndi pepala. Magalasi anakhala kutsogolo penipeni, manja atapinda, kumwetulira ngati kapazo kali kale m'chikwama mwake.

"Wasankha iti, aise?"

"Ya agogo."

"Ayi zikomo, ndikasamala bwino."

Madamu anasokoneza mivi, nkuvundikira ndi kabokosi. Atavundukula ndinayang'ana, nkuyamba. Mtanda woyamba unayenda bwino. Nditatembenuza ndinamva wina akuti "eee akuthamanga," ine nkupupuluma, chala nkubwerera kwawo. Muvi uli pa 2, ine uyo ulendo wozungulira tauni. Ndinazindikira ndili pa 8, mochedwa. M'makona ndinachitanso chimodzimodzi.

"32.80," anatero Madamu. "Watsala ndi mwayi umodzi."

M'manja thukuta lokhalokha. Ndikupukuta pasiketi ndinaona pawindo munthu ataima, kagalasi kali pamphumi. Amalume! Munthu amene satseka shopu Loweruka ngakhale mutu ukuwawa. Anangokweza chala chachikulu nkuchiyendetsa cham'mbuyo mumphepo, movutikira ngati akukankha galimoto. Ndinaseka, ndipo kusekako kunandimasula mapewa.

Madamu anavundukulanso. Masekondi 15 oyang'ana aja sindinalowezemo nambala iliyonse, ndinangodziuza kuti yang'ana kaye, kenako potokola. Pini pansi, muvi pa 4, bweza. Wotsatira pa 9, pitiriza. Pa 1, kamodzi kokha tekete, wafika! Mtanda watha, tembenuza. M'kalasi munali zii, kumangomveka timawilo. Kona yoyamba, yachiwiri, yachitatu ili pa 2, chala chinayamba kulowera kutsogolo, ndinachigwira, bweza, bweza. Yomaliza. Mapini onse m'mwamba, kupotokola komaliza, manja pa timer, phwa!

27.46.

Koma sindinakuwe, chifukwa Madamu anali asanaone kumbuyo. Ananyamula kapazo, nkuwerenga mivi yakumaso umodziumodzi ndi cholembera. Kenako anatembenuza. Guys, masekondi amenewo anatalika kuposa 27 aja. Magalasi anaimirira kudzasuzumira, magalasi ake mpaka kutsetserekera pamphuno.

"Yonse ili pa 12," anatero Madamu. "Tenga, ndi kako mpaka titsekere."

Ndinalumpha, mpando uko! Anzanga kumenya madesiki. Magalasi anakanda m'mutu nkuti, "Koma wachotsa bwanji masekondi 14 osasintha njira? Pali trick yomwe sukundiuza."

"Pita ukafunse agogo," ndinatero. Kenako ndinamumvera chisoni pang'ono, ndamuuza kuti pa break azikagwirako, bola andiphunzitse yosatembenuza ija pang'onopang'ono, popanda mpikisano pakhosi.

Panja ndinawathamangira amalume nkuwaonetsa pepala la Madamu. Anatsitsa kagalasi padiso nkuliwerenga ngati akufufuza kasikuluwu kotayika.

"Twente seveni. Chabwino, Phuma." Anandibwezera pepalalo. "Koma tamvera. Chala chako chatsopanochi chizithera pakhomo pa shopu. Ukadzangokhudza wotchi yanga yakhoma nacho, udzaona."

Panopa ndili m'shopumo, pampando wanga wakuseri, manja kutali ndi khoma. Kapazo kali pamiyendo panga. Ndangogunda 26.