Phula Lakuda pa Kheni ya a Bounmy

Sungeni sanachikonde chinthucho kuyambira tsiku limene mwamuna wake Medson analowa nacho m'nyumba, chili chokulunga m'nsalu yofiira. Zinali nsungwi zing'onozing'ono zondanda mizere iwiri, zopisa m'kachipika kobowola. Medson anati ndi choimbira cha ku Laos, dzina lake kheni, ndipo a Bounmy, mkulu amene ankalongedza naye katundu kuweyahausi ku Mississauga m'dziko la Canada, ndiwo anamubwereka.

Choimbira? Medson yemweyu, amene kutchalitchi ankaomba m'manja anzake atasiya kale?

Ndiye malamulo akewo. Chisagone pansi, munthu asachilumphe, chisayandikire hita yotenthetsera m'nyumba. M'nyumba sankachiliza, ati makoma a nyumba yawo ya ku Scarborough ndi opyapyala, aneba angadandaule. Loweruka lililonse ankachinyamula n'kusowa tsiku lonse. Mwezi womwewo anamukweza udindo kuntchito. Sungeni anali ndi pakati, ndipo nkhani za amuna okhwimira chuma pa ana awo osabadwa anakula akuzimva kwawo ku Thyolo. Mantha anamugwira zenizeni.

Tsiku lina Medson ali kuntchito, Sungeni anachitsitsa pamwamba pa kabati n'kufunyulula nsalu ija. Pamene nsungwi zinalowera m'chipika panali phula lakuda bii, lofanana ndendende ndi limene asing'anga amamata pa nsupa. Apa sanafunenso umboni wina. Anawiritsa madzi, kuthiramo mchere wodzaza dzanja, n'kuchimiza m'bafa uku akupemphera mokweza. Phula lija linasungunuka, nsungwi zina n'kuyamba kugwedera. Anachipukuta, kuchikulunga bwinobwino, n'kuchibwezera pamalo pake mtima uli m'malo.

Loweruka Medson anamuuza kuti avale apitire limodzi, chifukwa a Bounmy awagoneka m'chipatala. M'basi ndi mmene anafotokoza zonse. Kheniyo inali ya bambo awo a mkuluyo, ndipo a Bounmy anaoloka nayo mtsinje pothawa nkhondo ataisenza pamutu. Tsopano mapapo awo anali atatha, ana awo analibe nayo chidwi, ndiye ankaphunzitsa Medson nyimbo imodzi yokha yoti adzawaimbire pamaliro. Tsikulo anafuna aimve akadali moyo.



Anawapeza a Bounmy ali ndi timapaipi m'mphuno, koma ataona mtolo wawo anamwetulira. Medson anagwira kheniyo ndi manja awiri, kutseka timabowo ndi zala, n'kuuzira. Kunangotuluka mpweya, fuu. Anayesanso, chimodzimodzi.

A Bounmy anatambasula dzanja n'kusisita pamene panali phula paja. Anayang'ana Medson, kenako Sungeni.

"Bambo anga ndiwo anamata kuti mpweya usamathawe," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Chala chawo chinadinda apa, chinkaoneka."

Sungeni anatsegula pakamwa kuti aulule, koma mkuluyo anali atatembenukira kale kukhoma, atakumbatira nsungwi zakezo.