Miyendo Iwiri ya Nasibeko

Gelesomu Kadzakumanja analota mtsutso wa ofuna uphungu ukuchitikira pakati pa mtsinje wa Chisikwa, pamene panali mlatho usanakokoloke. Matebulo anawayala pamadzi ndipo palibe limene linamira. Anthu a midzi isanu ndi iwiri anakhala pamafunde ngati pamphasa, amayi uku, abambo uko. Iye anali pamwamba pa chulu cha kuseri kwa bwalo la sukulu, chija mudzi wonse umakwerapo ukafuna netiweki. Chulucho chinali chitabwera naye kumtsinje, ndipo zimenezi sizinamudabwitse.

Chimene chinkamudya mtima chinali chala chake chachikulu cha kumanja, chimene chinali chikadali chakuda ndi inki. Masiku atatu m'mbuyomo anasiya mkazi wake, Nasibeko, kuchipatala cha kuboma ali ndi chilonda cha pamwendo chimene chinakana mankhwala onse. Adokotala anatulutsa pepala la Chingerezi chokhachokha, n'kunena kuti mwamuna avomereze kuti Lachinayi mayiwo alowe kuchipinda cha opaleshoni. Gelesomu sukulu anaisiyira mu sitandade 2 chifukwa cha mbuzi za malume ake, koma pamaso pa anthu ovala zoyera anagwedeza mutu ngati wamva zonse, nadinda chala. Muwodi ya amayi mwamuna sagonamo, choncho anasiya mlamu wake akudikirira wodwalayo, iye n'kubwerera kumudzi. Atangofika, munthu wina wa pakamwa pachigayo anamuuza kuti mapepala otero ndi amene amadulitsa miyendo. Tsono leroli linali Lachinayi.

Wotsogolera mtsutso anali limu ya galimoto, chitsulo chija amachimenya pasukulu m'malo mwa belu. Inali itavala tayi.

"Aliyense mphindi ziwiri," inatero limuyo. "Nkhani yoyamba ndi ya mayendedwe."

Anaimirira a Chikaonda, bambo a mimba yosagwirizana ndi dzina lawo. Anati iwo akapambana amanga mlatho. Akulankhula choncho, mlathowo unayamba kutuluka m'kamwa mwawo, simenti, zitsulo, ndi utoto womwe. Unatalika bwinobwino mpaka pakati pa mtsinje. Mphindi ziwiri zitakwana limu inalira, a Chikaonda anatseka pakamwa, ndipo mlatho unathera pomwepo, m'malere. Minibasi ina inakwerapo n'kukaima kumapeto, kondakitala akukuwabe kuti watsala munthu mmodzi.

Achiwiri anali mayi Dzimbiri, a nkhani ya intaneti. Iwo anabwera ndi netiweki m'zidebe zitatu, n'kumatungira anthu ndi chikho. Anati zaka zisanu zikamatha, munthu adzaimba foni ali m'nkhokwe. Gelesomu anatambasula dzanja, anamuthirira theka la chikho, ndipo anaimba nambala ya mlamu wake.

"Amene mukuwafunawo ali kutsidya," inatero foni mwaulemu. "Ine kusambira sinditha."

Netiweki yotsalayo inadontha pakati pa zala zake.

Achitatu, a Mpesi, anali ochepa thupi, a magalasi. Iwo anati chipatala achibweretsa pafupi ndi anthu. Anaimba mluzu, ndipo chipatala cha kuboma chinatulukira pamtunda chikutsetsereka pa matayala a mabedi ake, anamwino atagwirira m'mawindo. Chinafika m'mphepete mwa madzi, tsidya linalo, n'kuima. Gelesomu anaona kuti pawindo lachitatu panali patayanikidwa chitenje cha Nasibeko.

Apa ndiye anthu atatuwo anagwirana pakhosi. A Chikaonda anafunsa kuti chipatala chopanda mlatho n'cha yani, ng'ona kapena? Mayi Dzimbiri anati popanda netiweki anthu adzadziwa bwanji kuti mlatho ulipo. A Mpesi anati mlatho wa a Chikaondawo ndi umene udzadzaze chipatala chawo. Onse ankanena zoona pang'onopang'ono, ndipo n'zimene zinkapweteka.

"Nkhani yomaliza ndi ya chilankhulo," inatero limu. "Kodi mapepala a boma azilembedwa m'chinenero chiti?"

Atatu onsewo anakonza makolala n'kuyankha m'Chingerezi. Ngakhale a Mpesi, amene nkhope yawo inkaonetsa kuti akuikira kumbuyo zinenero za makolo, anaziikira kumbuyo m'Chingerezi chomwecho. Mawu awo ankagwera m'madzi ngati miyala, ndipo liwu lililonse likagwa mtsinje unkakwera. Anthu ankaomba m'manja, poti mlendo akalankhula sumukhalira chete. Madzi anafika m'mawondo mwa ofuna uphunguwo, iwo osaleka.

"Apongozi."

Gelesomu anayang'ana pansi. M'munsi mwa chulu munakhala mayi ake a Nasibeko, amene anawaika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anali atamufulatira monga mwa ulemu wa chipongozi, akusenda chinangwa. Nayenso anatembenuza nkhope n'kuyang'ana kumbali, pakuti imfa sithetsa chipongozi.

"Wawa, amayi."

"Mwana wanga ndinakupatsani ali ndi miyendo ingati?"

"Iwiri, amayi."

"Nanga pepala munadinda lija likuti ingati?"

"Sindikudziwa."

"Munafunsa?"

"Ndinachita manyazi."

Mayiwo anamaliza kusenda chinangwa chimene chinali m'manja, anachiika m'beseni, natenga china.

"Safunsa anadya phula, apongozi. Koma inu phulalo mwadyetsa mwana wa eni. Nyamukani mukafunse. Nsapato musavule, madziwa akukudziwani."

Gelesomu anatsika pachulu, mantha ali tho. Anakwera mlatho wa a Chikaonda, anadutsa minibasi ija, kondakitala n'kumukoka malaya kuti wotsala uja ndi iye. Atafika pamene mlatho unathera anapitiriza kuponda, ndipo madzi anamunyamula monga ananenera apongozi ake. Kumbuyo kwake Chingerezi chinkagwabe, phava, phava.

Pakhonde la chipatala anapeza mzere wa miyendo yopanda eni ake. Inaima mwadongosolo, wina kumbuyo kwa unzake, ina itavala patapata, ina yopanda kanthu, umodzi uli ndi sokosi ya mpira. Inkadikira modekha ngati anthu ozolowera mizere. Gelesomu anayamba kuiyang'ana umodziumodzi. Wa Nasibeko sakanausowa. Unali ndi chipsera pakakolo, cha tsiku limene anamugwetsa panjinga ali pachibwenzi, akufuna kumuonetsa kuti amatha kupalasa osagwira mahandulo. Zaka makumi awiri ndi zitatu mayiyo ankamuseka nacho chipseracho pakakhala alendo.

Anawerenga miyendo khumi ndi inayi, wake panalibe. Kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, panali umodzi wofundidwa chitenje chija anachiona pawindo. Gelesomu anatambasula dzanja kuti avundukule, koma dzanjalo linakana.

Chitseko cha wodi chinali pepala lomwe lija, litakula kufika kudenga. Pamalo pa chogwirira panali chidindo cha chala chake, chachikulu ngati lichero.

"Odi," anatero Gelesomu.

Chitseko chinayankha m'Chingerezi, mawu ataliatali, n'kukhala chete. Mwa chizolowezi, mutu wake unayamba kugwedera wokha kuti wamva.

"Bwana," chinatero chala chake chachikulu, "ulendo uno musanditume ine. Ine ntchito yanga n'kudinda basi. Pakamwa muli napo."

Gelesomu anagwira mutu wake ndi dzanja lamanzere kuti uleke kugwedera. Anagwada pasimenti, miyendo yonse ija ikumuyang'ana, ndipo anakweza dzanja lamanja ngati mwana wa sitandade 2.

"Pepani akuluakulu, ine sindinamve. Tsiku lija sindinamve, leronso sindinamve. Chonde tandiuzani m'chinenero chathu, ndinavomera chiyani?"

Kumtsinje miyala inaleka kugwa. Zilembo za papepala zinayamba kuyenda ngati nyerere, kutsika, kusinthana malo, kufola mizere yatsopano. Chitseko chinatsokomola, chinanjenjemera, chinanjenjemeranso, ndipo kunjenjemerako kunalowa m'dzanja lake lokwezalo.

Anatsegula maso. Dzuwa linali litapendeka pang'ono, ndipo chulu chinali pamalo pake, kuseri kwa bwalo la sukulu. Pansi pake pouma, pafumbi, mtsutso weniweni unkapitirira, ofuna uphungu atakhala kutebulo limodzi, aphunzitsi aakulu akutsogolera. Gelesomu anali atasinza atatsamira kamtengo, dzanja lili m'mwamba monga amachitira aliyense pachulupo, poti ukangotsitsa foni netiweki imathawa. M'dzanjamo foni inkanjenjemera. Anaiyankha ili m'mwamba momwemo, n'kutsegula sipika.

"Halo? Abambo a Tiyanjane?" Anali mawu a Nasibeko, ofooka koma ake enieni. "Kuimba katatu konseku osayankha, mwagona pachulu eti?"

"Mwendo," anatero Gelesomu.

"Mwendo watani?"

"Ulipo?"

"Iii, upite kuti? Yonse iwiri ilipo, ndi chipsera chanu chomwe. Angopala chilonda n'kuchotsa zoola, basi. Pepala lija anamwino anandiwerengera dzulo nditawafunsa. Inu munangodindapo ngati mukuvota."

Gelesomu anaseka, kenako anapeza kuti akulira, ndipo sanadzibise. Thupi lonse linapepuka, njala imene sanaimve masiku atatu inabwera nthawi imodzi. Anthu okhala pafupi ndi chulu, amene anamva zonse pasipika, anayamba kuseka naye, mayi wina mpaka kululutira.

Phokosolo linafika kutebulo. Aphunzitsi aakulu anaphimba maso ndi chikhatho n'kuyang'ana kumtunda.

"Bambo muli pachulu apo, dzanja lanu lakhala m'mwamba kuyambira nkhani ya mlatho. Pepani takuchedwetsani. Muli ndi funso?"

Bwalo lonse linatembenuka. Gelesomu anamva mutu wake ukufuna kupukusa kuti ayi, iye amangosaka netiweki. Anayang'ana chala chake chakuda chija, chitakanikiza foni m'mwambamo.

"Ndani akuyankhulayo?" anafunsa Nasibeko.

"Akuti ndifunse funso."

"Ndiye funsanitu, abambo, mukudikira chiyani?"

Gelesomu anaimirira, anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, dzanja osalitsitsa.

"Funso lilipo, aphunzitsi," anatero. "Koma auzeni akuluakuluwo ayankhe m'Chichewa. Ndikapanda kumva ndifunsanso."