Batire Lotupa

Laputopuyo inayamba ndi kutentha, kenako inatupa mimba ngati chule. Tsiku lomwe inamuwotcha Nayeli pantchafu mpaka kutuluka matuza, mayi ake, a Ofelia Barragán, sanavule n'komwe epuloni ya kuntchito kwawo kopakira mapichesi. Anaikulunga laputopuyo m'thaulo, nkumukankhira mwanayo m'galimoto, ulendo wa kusitolo ya Dale Hutchins komwe anaigula.

Nayeli ankaphunzira unamwino. Mayeso ake omaliza anali Lolemba, olembera pakompyuta kamera ikukuyang'ana. Kulembera pafoni sankalola. Kuwaphonya kunali kudikira chaka china, ndipo msana wa a Ofelia unalibenso chaka china choimirira pamapichesi.

"Amayi, ndiyankhula ndine," anatero Nayeli pakhomo pa sitoloyo.

"Yankhula. Ine ndingoima ngati mzati."

Dale anali chimunthu chofiira khosi ndi dzuwa la mumzinda wawo wa Fresno. Anamupeza akudya sangweji kuseri kwa kauntala, ndipo sanasiye kutafuna.

"Bambo, tinagula konkuno," anayamba Nayeli. "Munalonjeza kuti ikavuta chaka chisanathe mudzakonza kapena kusintha. Lisiti ndi ili."

Dale anaitembenuza laputopuyo ndi chala chimodzi. Kunsi kwake, pamene chivundikiro chimakumana ndi thupi, panali kapepala komata ka siliva. Kanali katang'ambika pakati.

"Mwaitsegula."

"Sitinaitsegule. Batire latupa, lakankha chivundikiro, kapepalako kang'ambika kokha."

"Aliyense amatero. Wang'amba ndi mphaka, wang'amba ndi mzukwa. Kakangong'ambika aka, lonjezo lafa."

"Lamulo silikulolani kukana chifukwa cha kapepala kokha. Muyenera kusonyeza kuti taiwononga ndife."

"Ohoo, mwabwera ndi loya, mayi?" Dale anapukuta pakamwa. "Kasumeni, achemwali. Khoti la milandu ing'onoing'ono mukulidziwa. Akakuitanani Khirisimasi itadutsa."

Mzati uja unayenda. A Ofelia anakweza kabudula wa mwana wawo pang'ono, matuza onse poyera.

"Taona apa, bambo iwe. Akanso ndi kapepala?"

"Ine ndimagulitsa makompyuta, osati mankhwala a zilonda. Batire lina ndikhoza kukuikirani, koma mulipira. Ndipo muuzeni mwana wanuyo, laputopu saikumbatira ngati mwamuna."

A Ofelia sanadziwe nthawi yomwe dzanja lawo linawoloka kauntala. Anangoona kolala ya Dale ili m'manja mwawo, mabatani akudumphira pansi. Dale anawakankha pachifuwa ndi manja onse awiri. A Ofelia anapita chagada, nkukagunda shelefu ya zingwe ndi mbewa za makompyuta, zonse nkuwakhuthukira. Pogwa anamenyetsa pakamwa pachitsulo. Mlomo unang'ambika, dzino la kutsogolo likugwedera.

"Amayi, basi. Tiyeni tizipita, amayi."

A Ofelia anadzuka, kulavula magazi pansi, nkunyamula laputopu ija ndi manja awiri ngati thabwa. Koyamba inamupeza Dale pakhutu. Kachiwiri Dale anazinda, ndipo inakamenya pangodya ya kauntala, penipeni pa mimba yotupa ija.

Laputopuyo inayamba kulira ngati tayala lophulika pang'onopang'ono. Kunamveka kafungo kotsekemera, konga ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Utsi woyera unatuluka, kenako lawi linathamanga cham'mbali nkugwira mkono wa malaya a Dale. Chimunthu chonse chija chinakuwa ngati mwana, chikuzungulira pamalo amodzi, mkono uli m'mwamba.

A Ofelia anatola thaulo lija nkuyamba kumukwapula nalo pamkono. Moto unazima msanga, koma iwo anapitirizabe kangapo. Kenako anatenga tsache, kuikankhira laputopu yoyakayo pansi, kuikhwekhwereza mpaka panja pasimenti. Inapitiriza kuphulika kumeneko, pulasitiki ikusungunuka. Mayi wa saluni yoyandikana ndi sitoloyo anali kale pafoni, akuloza ndi chala.

Nayeli anamukokera Dale kusinki ya kuseri, nkumutsegulira madzi ozizira pamkono. Khungu linali litasupuka kuyambira pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja. Ntchitoyi mtsikanayo ankaidziwa.

"Mukagona m'chitokosi, mayi inu," anatero Dale mano ali chilumire. "Kamera iyo yaona zonse."

"Yaonadi," anatero a Ofelia ataima pakhomo, thaulo lili pamlomo. "Yaona iwe ukugwetsa mzimayi wa msinkhu wa mayi ako. Yaonanso katundu wako akuyaka. Ozimitsa moto akabwera afuna kudziwa kuti mabatire otupawa umawatenga kuti. Ndipo si limodzi lokhali, eti? Mabokosi ali apowa, opanda dzina, muli maswiti?"

Dale anayang'ana mabokosiwo, nkubweza maso kumadzi. Kutali kunayamba kumveka kulira kwa galimoto ya apolisi.

"Mukufuna chiyani?"

"Laputopu."

"Tengani yakuda ili pawindoyo."

"Yogwiritsidwa kale ntchito? Kuti imuwotche ntchafu inayo? Ndikufuna iyo ili pamwambayo, ya m'bokosi lake losatsegula."

"Imeneyo ndi yodula kawiri."

"Dzino langali ndi lodula katatu."

"Muwonjezere theka."

"Ndiwonjezere khutu linalo."

"Amayi," anatero Nayeli osatembenuka, "munthuyu wapsa. Akufunika chipatala."

"Apita. Ayambe walemba kaye lisiti. Dzanja lolembera ndi labwinobwino."

Kulira kuja kunali kutafika pamphambano. Dale anachoka pasinki, mkono ukudontha madzi, nkupita pamakina ake. Anadinadina ndi chala chimodzi, lisiti nkutuluka. A Ofelia sankatha kuwerenga Chingerezi chambiri, choncho anampatsira Nayeli.

"Akuti chiyani?"

"Akuti asintha ndi ina chifukwa yoyamba inali ndi vuto. Lonjezo la chaka likuyambira lero."

"Tsitsa bokosilo ukaike m'galimoto."

Nayeli anawayang'ana amayi ake, magazi atayenderera mpaka paepuloni, kenako anayang'ana mkono wa Dale. Anakwera pampando, kutsitsa bokosilo, nkutuluka nalo atalikumbatira, kulambalala chiphulusa chomwe chinkafukabe pasimenti.

Wapolisi analowa akukupiza utsi kumaso. Anaona shelefu yogwa, magazi pansi, khutu la Dale lotupa ngati tomato.

"Chachitika n'chiyani muno?"

"Batire laphulika, bwana," anatero a Ofelia. "Tonse tinathawira mbali imodzi, tagundana."

Wapolisiyo anatembenukira kwa Dale. "Ndi zoona, bambo?"

Dale anayang'ana pawindo. Nayeli anali atakhala m'galimoto, bokosi lili pamiyendo, nkhope ataibisa m'manja.

"Tagundana," anatero Dale. "Tandiitanirani ambulansi."