Utsi wa a Chumuni

Mumsewu umenewo munalibe yemwe ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Chumuni, chifukwa ndudu sinkachoka pamlomo pawo. Anali telala. Shopu yawo inali kachipinda kopanikiza kunsi kwa masitepe a nyumba yosanja: makina awiri opalasa ndi miyendo, tebulo lodulirapo nsalu, ndi kazenera kamodzi komwe kanakana kutseguka kalekale. Pa makina enawo pankakhala akazi awo, amake mapasa. Zaka makumi atatu anasoka moyang'anizana, mawondo kutsala pang'ono kugundana.

Litamveka lamulo loletsa kusuta fodya m'malo antchito ndi mosonkhana anthu mumzinda monse, a Chumuni anaseka chikhakhali.

"Ndiye kuti akhonsolo azibwera kudzanunkhiza nsalu zanga?"

Anabweradi. Lolemba lina m'mawa kunatulukira mayi wovala yunifolomu ya khonsolo. Anapereka moni mwaulemu, n'kumata chikwangwani chofiira pachitseko, kenako anayang'ana kudenga komwe kunali kutasanduka chikasu.

"Bambo, kuyambira lero muzikasutira panja, kutali ndi khomo. Lamuloli si la makasitomala okha ayi. Mayiwanso amagwira ntchito muno."

"Amenewa ndi akazi anga, anazolowera."

"Mapapo sazolowera, bambo."

Amake mapasa sanadzutse mutu. Anangopitiriza kupinda siketi yomwe inali pamakina.

Basitu a Chumuni anayamba kumakasutira pansi pa mtengo wa magetsi, pamodzi ndi ometa tsitsi a pafupi nawo, uku akunyogodola akhonsolo. Tsiku lachitatu ometa tsitsi aja anali ndi kasitomala, ndiye a Chumuni anaima okha. Ali chiimire anamva makina a akazi awo akulira, kenako zii, n'kumveka chifuwa. Chifuwa chake chachitali, chochokera pansi penipeni, chosafuna kutha. Makina analiranso pang'ono, ziinso, chifuwa chija. Ali m'kati sankachimva chonchi, chifukwa makina awo ankachiphimba. Anawerenga kasanu ndudu isanathe.

"Chifuwachi chinayamba liti?" anafunsa atalowa.

"Aa, bambo a mapasa, mwachimva lero? Chaka chatha chonse."

Kuchipatala amake mapasa anawajambula pachifuwa. Dokotala anakweza chithunzicho kuwindo, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, mwasuta zaka zingati?"

"Ine? Chibadwire sindinaikepo ndudu pakamwa."

Dokotala anatembenukira a Chumuni, maso ake n'kutsikira pa zala zawo zachikasu. A Chumuni anabisa dzanjalo m'thumba. Dokotalayo sanawadzudzule. Anangofotokoza modekha kuti nthendayo inali itafalikira mapapo onse awiri, ndipo mankhwala omwe akanapereka anali ongochepetsa ululu.

A Chumuni anasiya fodya tsiku lomwelo. Chilakolako cha ndudu chinkawasautsa moti ankalephera kulowetsa ulusi pasingano, koma sanabwerere m'mbuyo. Anakanula zenera lija ndi chitsulo mpaka galasi kung'aluka. Anakwecha makoma ndi sopo, madzi ake n'kumatsika ngati tiyi, napaka penti yoyera mpaka kudenga.

Akazi awo anabwerako kushopuko kamodzi kokha. Anakhala pampando wawo, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mwakonza bwino. Mukuwala ngati muofesi."

Anaika mapazi pa chopalasira, kupalasa katatu, mpweya n'kuwathera.

Sabata yotsatira mmodzi wa mapasa aja, yemwe anali ndi banja lake kutsidya kwa mzinda, anabwera ndi galimoto.

"Ababa, amayi ndikuwatenga akakhale kwathu. Kunyumba kwanu ngakhale mapilo akununkha fodya."

"Komatu ndinasiya, mwana wanga."

"Mwasiya liti, ababa?"

A Chumuni anathandiza akazi awo kukwera, nawafunditsa nsalu m'miyendo. Mayiwo anawagwira dzanja.

"Musadzizunze. Inenso pakamwa ndinali napo, koma sindinanene."

Bola akanawakalipira. Mawu amenewo anawapweteka a Chumuni kuposa a mwana uja.

Anayamba kumapitako Lamulungu lililonse masana. Nthawi zambiri ankawapeza ali mtulo, iwo n'kungokhala pampando kumvetsera mpweya ukulira pachifuwa. Tsiku lina anawapeza ali maso, diresi yawo yobiriwira ili pamiyendo.

"Mundibwezereko iyi, ikundikhwepa. Ndikufuna ndidzavale ndikadzapeza bwino."

A Chumuni anatulutsa tepi m'thumba. Anawazunguliza m'chiuno, nayang'ana nambala, n'kubwereza kachiwiri poganiza kuti alakwitsa. Sanalakwitse.

Diresiyo anaisoka masiku atatu, ntchito yoti kale akanaimaliza madzi a tiyi asanawire. Lamulungu lotsatira anabwera nayo atasita bwinobwino. Mwana uja anathandiza mayi ake kuvala, a Chumuni akudikira pakhomo la chipinda.

"Lowani, ababa."

Amake mapasa anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akumwetulira mofooka. Diresi ija inali italendewera m'mapewa, ndipo m'chiuno munali mpata wolowa dzanja lonse.