Mayi wa m'Ndime Yachinayi

Ntchito yanga ndi yonyamula mawu a eni ake. Ndimakhala m'kachipinda ka magalasi kumbuyo kwa holo, zomvera zili m'makutu, akuluakulu akulankhula ine ndikutembenuza. Akamvana, amayamikirana okhaokha. Akakangana, wolakwa ndi womasulira. Ndatero zaka khumi ndi zisanu pakati pa boma lathu ndi boma la tsidya, nkhani za milatho, za matenda a ng'ombe, za ziphaso za madalaivala, ndipo zonsezo ndinkazisiya pakhomo la ofesi poweruka. Imene inanditsata mpaka kunyumba ndi ya ana ophunzira pakhomo.

Kwanga kuli mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, mwana wa malemu mkulu wanga. Timamutcha Kafunso, chifukwa ngakhale umuuze kuti moto umawotcha, akufunsa kuti anakuuzani ndani. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, ine n'kumutenga. Bambo ake ndi a tsidya, anakwatiranso, amaimba foni mwezi ndi mwezi, ndipo ndisawanamizire, si munthu woipa. Kungoti chiyambire amafuna mwana wawo akaphunzire kwawoko, ine n'kumazemba nkhaniyo.

Kafunso ali ndi matenda akugwa. Ali m'kalasi yachitatu anagwa pa asembule, ana n'kubalalika akukuwa, mphunzitsi wina n'kumukankhira supuni m'kamwa mpaka dzino kubenthuka. Sabata yotsatira panalibe wofuna kukhala naye desiki imodzi. Ndinapita kukalankhula ndi ahedi kawiri, kachitatu ndinangokatenga chikwama chake. Kuyambira pamenepo sukulu yake ndi tebulo la m'khitchini mwathu, ndi kabolodi kopachika pambali pa firiji. Timayamba m'mawa ndisanapite ku ntchito, ndimamusiyira zolemba, pobwera ndimachonga. Masiku amene ndikumasulira zikalata kunyumba timakhala moyang'anana, iye ndi masamu ake, ine ndi za boma. Chinenero cha tsidya ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo tsopano amandikonza.

Vuto linali lamulo. Lathu silinkaloleza ndipo silinkaletsa. Woyendera sukulu ankabwera kamodzi pachaka, kumwa tiyi, kutsegula makope, kenako n'kunena kuti iye sanaone kanthu. Koma mayeso a boma amafuna nambala ya sukulu, ndipo khitchini ilibe nambala. Popanda mayesowo, zaka zisanu za Kafunso zinali zongothera pa tebulo.

Sitinali tokha. Madalaivala a malole, anamwino, amalonda, onse owoloka malire uku ndi uku, ambiri ana awo amaphunzira pakhomo. N'chifukwa chake maboma awiriwa anakhazikitsa komiti yolemba pangano: mwana wophunzira pakhomo akalembetsedwa mbali imodzi, alembe mayeso, ndipo satifiketi yake ivomerezedwe mbali zonse. Sindikhulupirira kuti m'holo monse munali munthu wolifuna panganolo kuposa ine wa m'kachipinda ka magalasi.

Ndime yachinayi inali yaifupi. Inkati mwana angathe kuphunzitsidwa pakhomo ndi mayi ake kapena bambo ake. Analemba ndi a tsidya, ndinamasulira ndine, zaka ziwiri zapitazo, ndipo sindinaonepo chokhumudwitsa. Kafunso amanditcha amayi, ine ndimamutcha mwana wanga, kuchipatala ndimalemba kuti mayi. Mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, nanga angakhale ndani?

Msonkhano womaliza unali ku hotelo, matebulo ovekedwa nsalu zoyera, timbendera tiwiritiwiri, mabotolo a madzi oti munthu kutsegula mpaka chala kupweteka. Nduna zinali zoti zibwera Lachisanu kudzasaina. Lachinayi m'mawa aliyense anali atayamba kale kuganiza za ulendo wobwerera, pamene loya wa tsidya anakweza dzanja. Anali mayi wochepa thupi, wosaseka, woyenda ndi pensulo yofiira imene inatidyera miyezi yambiri.

Anati wakhala akuwerenga mafomu oyeserera amene mbali yathu inagawa kwa mabanja, ndipo pali china chomuzunguza. Mnyamata mmodzi analembetsedwa kuti masamu amamuphunzitsa mayi ake, sayansi mayi ake, kuwerenga mayi ake, koma maina ndi atatu osiyana. Anafunsa ngati kalaliki analakwitsa, kapena mwanayo anabadwa katatu.

Mbali yathu inafa nacho chiseko. Mtsogoleri wathu, mlembi wamkulu amene timamutcha a Tikambirana chifukwa ndilo yankho lawo pa chilichonse, anapukuta misozi n'kufotokoza kuti kwathu kuli mayi aakulu ndi mayi aang'ono, bambo aakulu ndi bambo aang'ono, ndipo onsewo ndi makolo. Anawonjezera kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinamasulira mwambiwo bwinobwino, koma tsidya la tebulo palibe anamwetulira.

Loya uja anadikira kuti chiseko chithe. Kenako anati m'chinenero chawo mawu amene ali m'ndime yachinayi amatanthauza wobereka yekha, ndipo sanawasankhe mwangozi. Kwawo kunali anthu otolera ana a abale awo, kuwaika m'mashopu ndi m'makhitchini, woyendera sukulu akabwera n'kumati akuphunzira pakhomo. Iye mwini anaimirapo mlandu wa mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi amene azakhali ake ankati akumuphunzitsa, koma mwanayo sankatha kulemba dzina lake. Ndinatembenuza zonsezo osasiyapo liwu. Chimene chinandipweteka n'chakuti mayiyo sankanama, ndipo ana otero kwathunso ndawaonapo ndi maso angawa.

Wapampando anati asanapite patali, omasulira awiri atuluke m'kachipinda adzanene poyera ngati zolemba ziwirizo zikunena chimodzi. Zikakhala zofanana, ndime ikhale momwe ilili, nkhani ya mafomu ikhale ya makalaliki.

Mnzanga womasulira wa tsidya ndi mkulu wa ndevu zoyera amene ndagwira naye ntchito zaka zambiri. Za Kafunso amazidziwa, dikishonale imene mwanayo amagwiritsa ntchito anamugulira ndi iyeyo. Anathimitsa maikolofoni n'kundiyang'ana.

"Achemwali, ine ndikhoza kunena kuti n'zofanana," anatero motsitsa mawu. "M'dikishonale n'zofanana ndithu. Inu mungovomera, mawa asaina, kwanu mawuwo akhala momwe mumawamvera."

Kuchokera pa kachipindako kufika kutsogolo ndi masitepe makumi awiri okha, koma ndinaganiza zambiri. Sikukanakhala kunama kwenikweni. Mapangano angati amene ndawaona akusainidwa mbali iliyonse ikumva zake? Kafunso akanalembetsa mwezi wamawa, dzina langa pa mzere wa mayi, popanda kupempha munthu. Koma ndinkadziwanso kuti khomo limene ndikanalowera ine, azakhali a mtsikana wosatha kulemba dzina uja akanalowera lomwelo, ndipo wowatsegulira ndikanakhala ine. Ndisadzikometse, panalinso kunyada. Zaka khumi ndi zisanu sindinapindepo mawu a munthu kuti andikomere, ndipo zinandinyansa kuti ndiyambe pamaso pa mayi wa pensulo yofiira.

Mkulu uja anayamba kuyankha mozungulira, kundisiyira mpata. Wapampando anatembenukira kwa ine.

"Sizofanana, bwana," ndinatero. "Mawu awo ndi a wobereka. Athu ndi a wobereka ndi abale ake onse aakazi. Ndinamasulira ndine, ndipo sindinaone."

A Tikambirana anandiyang'ana ngati ndawathira madzi pa suti. Anati tikambirana, ndipo tsiku limenelo anakambiranadi, mpaka chakudya chamasana kuzizira. Mbali yathu inakana kuti mayi aang'ono atayidwe kunja, inati theka la ana athu amaleredwa ndi abale. A tsidya anakana kutsegula chitseko chonse. Cha m'ma folo koloko anakumana pakati: mayi kapena bambo ndi wobereka, wachibale wina angathe kuphunzitsa mwana pakhomo pokhapokha kholo lobereka, ngati lili moyo, litavomera molemba. Kunena zoona linali lamulo labwino, ndikanakhala wina ndikanaomba nawo m'manja. Anandipatsa kuti ndilitembenuze ndi kulitaipa msangamsanga. Lachisanu nduna zinasaina, zinasinthana zolembera, zinajambulitsa.

Loweruka m'mawa ndinamufotokozera Kafunso zonse, pa tebulo lathu lomwelo, osabisa kanthu. Anamvetsera akutafuna chivindikiro cha bolopeni. Anafunsa ngati bambo ake angakane, ndinati angathe. Anafunsa kuti mawu atsopanowo anamasulira ndani, ndinati ndine. Anafunsa ngati panalibe njira yoti ndingokhala chete. Ndinati inalipo.

Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangokoka pepala n'kunena kuti kalata yopempha chilolezo kwa bambo ake alemba yekha, popeza Loweruka ndi tsiku la chinenero cha tsidya. Ndinkamuuza zoti alembe, iye n'kumakonza pamene ndalankhula ngati chikalata cha boma. Tinapempha alamu angawo kuti avomere kuti mwana wawo apitirize kuphunzira pakhomo ndi kulemba mayeso chaka chamawa. Titafika ponena kuti womuphunzitsayo ndi ndani wake, anaima. Kwawoko mng'ono wa mayi satchedwa mayi, ali ndi dzina lina, lomwe amaitaniranso mlongo wa bambo, ngakhalenso mayi aliyense wogulitsa pamsika. Kafunso amalidziwa bwino, ndinamuphunzitsa ndekha pa mutu wa achibale.

Anasiya mpata, n'kupitiriza mpaka kumapeto. Kenako ananditembenuzira pepala ndi bolopeni.

"Apa mulembe ndinu, amayi."

Ndinalemba. Dzina la kwawoko lija ndi mawu aafupi, koma ndinawalemba ngati mwana woyamba kumene sukulu, ndipo ndinachita manyazi kuti misozi ikulengeza pamaso pa wophunzira wanga.

Yankho linatenga masabata atatu. M'masabata amenewo tinkaphunzira monga mwa masiku onse, koma aliyense khutu lili ku geti. Kafunso anagwa kamodzi, Lachiwiri masana, ndinamugoneka cham'mbali n'kumuikira pilo, atatsitsimuka funso lake loyamba linali ngati kalata yabwera.

Inabwera ndi basi, mu envelopu yaikulu, fomu ya chilolezo yosainidwa bwino ndi chidindo chake. Ndinapuma. Koma munalinso kalata ya masamba awiri, yolemba pamanja, yaulemu kwambiri. Alamu anathokoza chifukwa cha zaka zonsezi. Anati kalata ya mwanayo inawagwetsa misozi, sankadziwa kuti amalemba chinenero chawo chotero. Anavomera kuti ndimuphunzitse mpaka mayeso, chaka chimodzi. Ndipo popeza tsopano, chifukwa cha pangano latsopanoli, satifiketi yake idzagwira ntchito kwawoko, amupezera kale malo pa sekondale ina yabwino, pafupi ndi chipatala cha matenda akewo, pafupinso ndi nyumba yawo. Akangokhoza, adzabwera kudzamutenga.

Ndinawerenga kawiri kufunafuna poti ndikwiyire, sindinapapeze. Sukuluyo ndimaidziwa, ili ndi labotale, ine ndili ndi firiji. Bambo wofunira mwana wake zabwino ungamuimbe mlandu wanji?

Kafunso anaiwerenga yekha, pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Atamaliza anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa chitini cha shuga.

"Ndiye ndikakhoza ndikupita."

"Eya."

"Nanga ndikalephera?"

Kalatayo sinanene za kulephera. Tonse tinali titaona zimenezo. Anandiyang'ana ndi maso a mayi ake, ndipo ndinadziwa kuti sakufunsa za lamulo, akundipatsa njira, monga anandipatsira mkulu wa ndevu uja. Ndikanangoseka, kapena kunena kuti tidzaona, iye akanamva, ndipo mwana wanzeru ngati ameneyu kulephera mwaluso sikungamuvute. Mtima wanga unkafuna zimenezo kwambiri moti ndinachita nawo mantha.

"M'nyumba muno simulephera munthu," ndinatero. "Tenga buku la masamu. Dzulo tinalekezera pati?"

Anatambasula dzanja, n'kukoka bukulo, n'kutsegula pa tsamba limene tinapinda. Ndinaimirira n'kutenga choko, ndipo ndinalemba funso loyamba nditamufulatira.